Mutu wachiwiri si kaundula wa chipepeso

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amene akulemba kafukufuku wa digiri, makamaka amene afika pa mutu wachiwiri, uja wounika zimene ena analemba kale.

Ine ndine mphunzitsi wa sekondale, ndipo ndikufufuza chimene chimachotsa atsikana pasukulu. Mutu umenewu unandidyera miyezi itatu, kulemba usiku ndikamaliza kuchonga makope a ana. Ndime iliyonse inkayamba ndi dzina: uje anati, uje nayenso anati, mpaka masamba 22. Ondiyang'anira atawerenga anangolemba ndi cholembera chofiira kuti, "Aphunzitsi, uyu ndi kaundula wa chipepeso. Inuyo muli pati?" Zinandiwawa, koma sananame. Pamaliro timangowerenga mayina ndi zimene aliyense wapereka, sitifunsa ngati anthuwo akumvana.

Ndinagula kope lachikuto cholimba n'kujambulamo mizere: wolemba, chaka, komwe anafufuza, anafunsa anthu angati, anapeza chiyani, patsamba lanji. Nditadzaza, m'pamene ndinaona kuti zambiri ndinkaziwerenga mothamanga.

Tengani kafukufuku amene Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anachita ku Zomba, wokhudza kupereka ndalama kwa atsikana apasukulu, wofalitsidwa mu 2011. Ine ndinali nditangolemba kuti ndalama zimathandiza atsikana, basi. Chonsecho iwo anapeza zinthu ziwiri zosiyana. Ndalama zoperekedwa pokhapokha mwana akupita kusukulu ndizo zinasunga atsikana ambiri m'kalasi, koma zoperekedwa popanda lamulo ndizo zinachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati, makamaka pakati pa amene anasiya sukulu. Apa m'pamene panatuluka funso langa: boma linalola kuyambira 1993 kuti mtsikana akabereka abwerere kusukulu, nanga kwathu kuno n'chiyani chikuwatsekereza? Mutu wonse ndinausanjanso motsata mikangano, umphawi pawokha, miyambo payokha, osati motsata mayina.

Nambala ya tsamba musaiderere. Ndinataya sabata yathunthu ndikusaka chiganizo chimodzi chimene ndinakopera osalemba komwe ndinachitenga. Tsopano zonse ndimasunga mu pulogalamu yapakompyuta yotchedwa Zotero, ndi yaulere.

Kudandaula kwanga n'kumodzi. Google Scholar ndi African Journals Online, malo apaintaneti ofufuzirapo zolemba za akatswiri, ndimazipeza pafoni ndili pakhonde, koma kafukufuku wina wa Mmalawi mnzanga ndinachita kumukwerera minibasi kukamuwerenga pashelefu, wafumbi, osaloledwa kutuluka naye. Akuluakulu a mayunivesite athu, tiikireni zimenezi pa intaneti.

Mphunzitsi wa sekondale,
Machinga