Buku lachikondi landisokoneza mutu pa abwana anga

Anankungwi,

Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku City Centre muno mu Lilongwe. Nkhani yangayi sindingawauze mayi anga, ndipo anzanga akuntchito ndiye ayi ndithu, pakamwa pawo sipagona mawu.

Mwezi wa Juni mnzanga adandibwereka buku lachingerezi lomwe adagula kwa anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Old Town. Chikuto chidali chong'ambika, masamba ena othimbirira ndi tiyi. Nkhani yake ndi ya mtsikana wongolembedwa kumene ntchito ku New York ndi bwana wake wouma mtima, wosaseka ndi munthu. Amayamba ndi kudana, kenako chidanicho chimasanduka chikondi. Ndidalimaliza m'masiku atatu, usiku womalizawo magetsi atazima, ndikuunikira ndi foni mpaka batire kutheratu. Kutacha ndidapeza maminibasi a ku Area 25 atadzaza kale, ndidachita kukwera kabaza.

Ndisanawerenge bukuli, abwana anga adali abwana basi. Ndi bambo aakulu ndithu, ali ndi mkazi ndi ana atatu, chithunzi chawo chili patebulo pomwepo. Kundisiya pa siteji ndi galimoto yawo kukagwa mvula, kapena kundigulira tchipisi masana ntchito ikachuluka, ndinkangoti ndi mtima wabwino. Tsopano chilichonse ndimachiwerengera. Ndidazindikira kuti kale ankanditchula kuti "mwana wanga", koma masiku ano amangotchula dzina langa, motsitsa mawu.

Kumapeto kwa mwezi watha tidatsala awiri mu ofesi tikukonza malipiro a antchito. Adabwera kudzaima kumbuyo kwanga, dzanja limodzi pampando wanga, linalo likuloza nambala pa kompyuta. Sadandikhudze, sadanene choipa chilichonse. Koma m'buku muja muli malo otere ndendende, ndipo mtima wanga udagunda moti ndidalakwitsa mzere womwewo kawiri. Loweruka lake, cha m'ma 10 koloko usiku, uthenga wa pa WhatsApp: "Mwagona?" Ndidalemba n'kufufuta kanayi konse. Pomaliza ndidayankha kuti, "Sindinagone bwana." Tidacheza mpaka pakati pa usiku, nkhani zake zopanda mutu. Tsopano akuti mwezi wamawa ndiwaperekeze kumsonkhano wa masiku atatu ku Salima, kunyanja, ulendo womwe chaka chilichonse amapita ndi mayi wina amene ndi mkulu wanga pantchito.

Ndisakubisireni, ndili ndi chibwenzi. Ndi mphunzitsi ku Dedza, munthu wofatsa, ankhoswe adakumana kale ndipo chinkhoswe tikuchiyembekeza mu Disembala. Sadandilakwire kanthu. Koma akamaimba foni n'kumandiuza za mtengo wa feteleza ndi njerwa zomwe waumba, ndimapezeka ndikumuyerekeza ndi mwamuna wa m'buku, munthu woti kulibe n'komwe. Ndikadula foni manyazi amandigwira.

Ndidalibwerezanso bukulo, ulendo uno mofatsa, ndipo lidandikwiyitsa. Bwana wa m'menemo ndi mbeta, palibe mayi wina amene akumudikira kunyumba ndi nsima. Zinthu zitavuta, mtsikanayo adangosiya ntchito, sabata isanathe wapeza ina. Ine nditamaliza dipuloma ndidakhala zaka ziwiri pakhomo ndikuponya makalata osayankhidwa. Lendi ndimalipira ndekha, fizi ya mlongo wanga wa Fomu 3 ili pamutu panga. Kontirakiti yanga ndi ya chaka chimodzi, imatha mu Disembala momwemo, ndipo woisainira kuti ipitirire ndi abwana omwewa. Wolemba buku uja sadafunse kuti mtsikana akakana zimamuthera bwanji, chifukwa wakeyo sadafune kukana.

Chaka chatha a HR, omwe amaona za antchito pakampani, adatiwerengera lamulo la Gender Equality Act la 2013, lomwe limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, ndi chilango chake cha K1 miliyoni ndi zaka 5 kundende. Tidasainira kuti tamva. Koma ine ndikapita kumeneko ndikanena chiyani? Kuti abwana adandifunsa ngati ndagona, ine n'kuyankha ndikumwetulira? Mauthenga anga ali momwemo mufoni mwawo. Komanso mayi a HR aja amadyera limodzi nkhomaliro ndi abwanawo.

Ndithandizeni Anankungwi. Kodi zomwe ndikumvazi n'zochokera mumtima kapena ndi buku lija likundiyendetsa? Nanga abwanawa akundifuna zoona, kapena ndine amene ndikuona zomwe palibe? Ulendo wa ku Salima ndiukane motani kuti ndisaoneke wamwano, poti ndi wantchito ndipo alawansi yake ndikuifunadi? Ndipo bwenzi langa ndimuuze, kapena ndingokhala chete poti palibe chomwe chachitika?

Bukulo ndidakamubwezera mwini wake Lamlungu titatuluka m'tchalitchi. Iye adaseka n'kundiuza kuti lili ndi gawo lachiwiri, andibweretsera. Mayina a opita ku Salima akufunika pofika Lachisanu.

Ndine wothedwa nzeru,
Area 25, Lilongwe