Za mlamu wako ndi thiraki ija

Mnzanga,

Kalata yako yafika, ndi chithunzi chomwe. Koma wanenepa iwe! Masaya amenewo ukadzabwera amayi ako sadzakuzindikira. Ku Johannesburg kwakukonda.

Wafunsa za mlamu wako. Mwendo adaudula pamwamba pa bondo. Thiraki ija inkachokera ku Beira itasenza feteleza, mabuleki n'kukana potsetsereka pa M1 kufupi ndi Ntcheu, ndiye idamukokolola pamodzi ndi njinga yake ya kabaza. Njingayo ili kuseri kwa nyumba, yopindika, akukana kuti tiigulitse kwa a zitsulo. Usiku amadzuka n'kumafuna kukanda phazi loti kulibe.

Asanatuluke n'komwe m'chipatala, madobadoba anali atafika kale pabedi ndi mapepala, ati sainani apa tikupezereni loya, ndalama zituluka msanga. Amalume ako ndi amene adawathamangitsa. Loya tidakapeza tokha.

Loyayo akuti tisumire onse atatu: dalaivala, mwini thiraki ndi kampani ya inshulansi. Koma inshulansi ya galimotoyo imalekera pa K5 miliyoni, zotsalazo tikalimbane ndi mwini wake, yemwe ali kutsidya kwa malire. Tangoganiza, K5 miliyoni pa mwendo wa bambo wa ana anayi! Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyo ikungosungunuka mlandu usanalowe n'komwe m'khoti.

Chikundisowetsa tulo ndi zaka zitatu zija. Lamulo limati wovulala asume zisanathe zaka zitatu, apo ayi mlandu wafa. Loya akuti nthawi ilipo yambiri, koma ine ndimangowerenga miyezi. Lipoti la apolisi tili nalo. La dokotala, lonena kuti walumala ndi maperesenti angati, ndi limene likutizunguza: lero asaina mawa, mawa kulibe. Ulendo uliwonse ndi minibasi, ndipo kondakitala amafuna ndalama ya mipando iwiri chifukwa cha ndodo zake. Fotokope nayonso yakwera, magetsi akazima ndiye kudikira mpaka madzulo. Mchemwali wako wayamba kugulitsa mandasi kuti tipeze thiransipoti, iwe uli phee, ngakhale kaeyataimu.

Usandikwiyire, ndatopa chabe. Ukapeza mpata undifunsireko mtengo wa mwendo wapulasitiki kumeneko, chifukwa loya akufuna auike pa zomwe tikupempha kukhoti, ndipo akuti tikapanda kubweretsa pepala la mtengo wake ndiye kuti

Pepala latha. Moni kwa alamu.

Ndine mnzako