Kalata yochokera ku Area 25

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Johannesburg konko pamodzi ndi ana. Kuno tonse tili bwino, ndipo mayi akupereka moni. Unandifunsa kuti masiku ano ndikuyenda bwanji kuntchito poti zinthu zakwera chonchi. Pa foni sindikanatha kufotokoza zonse, n'chifukwa chake ndati ndikhale pansi ndikulembere.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, petulo anafika pa K2,530 lita imodzi, ma minibasi nawo n'kukweza mitengo. Apa m'pamene bambo a nyumba yoyang'anana ndi yathu, omwe ali ndi Sienta, anabwera kudzatifunsa ngati tingamasonkherane ya mafuta. Tilipo ine, aphunzitsi ena, amayi ena ogwira ntchito ku Capital Hill, ndi mnyamata wina amene amatsikira pa Kanengo. Timanyamuka kusanayere kwenikweni kuti tidutse mu M1 magalimoto asanathinane, makamaka nyengo ya fodya pamene malole opita ku okushoni amadzaza msewu. Ndalama timatumiza pa Airtel Money mwezi ukatha. Wina zikamuvuta amangonena, ena timamulipirira, iye n'kudzabweza akapeza.

Nthawi imene mafuta ankasowa ndi imene tinadziwana zenizeni. Eni galimoto ankagona pamzere, ife tikuyang'ana pa WhatsApp kuti thankala yatsitsa pati. M'mawa timawapititsira tiyi mu fulasiki ndi mbatata yophika. Anthu amene kale tinkangopatsana moni pa geti, lero ndimadziwa kuti mwana wa ndani akulemba mayeso a Fomu 4, ndani mayi awo akudwala shuga. Kunyumba kwa aphunzitsi kutagwa zovuta, galimoto yomweyo ndi imene inatitenga tonse kupita kumaliro.

Koma chimene ndimafuna kukuuza kwenikweni ndi zimene zimayenda kumbuyo mu buti. Zinayamba ndi zigubu za mafuta ophikira, za malita 20 zija. Amayi a ku Capital Hill mchemwali wawo amakazinga tchipisi, ndiye zigubu zimangounjikana. Anatigawira, tinazitsuka ndi madzi otentha ndi sopo, pano ndi zosungira madzi mipopi ikauma. Chimodzi chitang'ambika ndinachidula pakati n'kubzalamo anyezi. Kuyambira pamenepo palibe amene amataya chinthu asanafunse anzake m'galimoto. Yunifolomu yothina mwana wa uyu imakavalidwa ndi wa uyo. Matayala akutha a Sienta, awiri anapita kwa wosoka nkhwaira, lina lili pakhomo panga, muli mpiru wobiriwira bwino.

Ukukumbukira poto wamkulu uja tinkaphikira nsima pa chinkhoswe chako? Anabooka pansi. Mtima sunandilole kumutaya, ndipo mnyamata wa ku Kanengo uja anandiuza za mmisiri wina wokhoma ndowa ndi mbaula kumsika wa Nsungwi. Ndinaimirira pambali kumuonerera akudula pansi ponse, n'kuyeza chitsulo china, n'kupinda m'mphepete ndi hamala pang'onopang'ono mpaka kugwirana. Anathiramo madzi ine ndikuona, osadontha. Luso ngati limeneli limandikhudza, chifukwa munthuyo sanapite kusukulu ya zimenezi, anaphunzira kwa amalume ake, koma mabanja ambiri akuphikabe chifukwa cha manja ake.

Chitenje chimene unandisiyira chinatha m'mphepete. Mbali yolimba, akazi a eni galimoto, omwe ndi atelala, anasoka kapilo kotsamira pa mpando wakumbuyo pamene siponji inaphwa. Zotsalazo zina ndi nkhata, zina chikolopa.

Ena akamaona zimenezi amati ndi umphawi. N'zoona kuti kuchepa kwa ndalama ndi kumene kunatiyambitsa, sindingabise. Koma ngakhale zinthu zitatsika mawa, ine sindingafune kusiya. Chimandiwawa ndikaona galimoto yaikulu muli munthu mmodzi ikudutsa pa siteji, mvula ikugwa, amayi ali ndi ana kumbuyo. Ndikudziwa kuti ambiri amaopa kunyamula munthu wosamudziwa, ndipo mantha amenewo ali ndi chifukwa chake. Koma nanga aneba ako enieni, amene mumapemphera nawo limodzi?

Tsono unati ukufuna kunditumizira kanthu. Usavutike kugula zatsopano. Majekete ndi majuzi amene ana ako akula nawo, ndi nsapato za sukulu ngakhale zitadyeka chidendene, uziike m'chikwama chimodzi upatsire munthu wodalirika wobwera pa basi. Osoka nsapato kuno alipo, ndipo aphunzitsi aja ali ndi ana m'kalasi mwawo amene amabwera opanda juzi mu Juni. Ukatumiza undiuze tsiku, tidzakatenga ndi Sienta pochokera kuntchito.

Upereke moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzako wa kale lija,
wa ku Area 25, Lilongwe