Kalata kwa mwana wanga pa za kusunga zizindikiro za mapulani

Wokondedwa mwana wanga,

Ndasangalala kumva kuti kuntchito akupatsa udindo wojambula mapulani a magetsi pa kompyuta pogwiritsa ntchito Visio, ndipo ndaganiza zokulembera za chinthu chimene ambiri amachiderera, chomwe ndi kasamalidwe ka zizindikiro zimene umajambulira.

M'masiku anga tinali ndi kapulasitiki kobooledwa kamene tinkakagoneka pa pepala, n'kumayendetsa cholembera cha Rotring m'mabowo ake kuti fyuzi kapena soketi izituluka yofanana nthawi zonse. Tinkakatcha stencil, ndipo dzina lomwelo ndi limene Visio imapatsa gulu la zizindikiro limene umaliona kumanzere kwa sikirini. Chizindikiro chilichonse cha m'gulumo chimatchedwa master, ndipo chimene umakokera pa tsamba ndi kope lake chabe. Apa umvetse bwino. Ukakokera chizindikiro pa tsamba koyamba, Visio imachisunganso mu Document Stencil, yomwe ndi stencil ya mkati mwa fayiloyo, ndipo ukachikonza mmenemo, makope ake onse a pa pulaniyo amasinthira limodzi, kupatula mbali zimene unazisintha kale pa kope lililonse palokha. Wosadziwa zimenezi amathera tsiku lathunthu akukonza masoketi 40 imodziimodzi, n'kuiwalanso awiri. Dziwanso kuti kukonza stencil imene unaisunga padera sikusintha mapulani amene unajambula kale. Amenewo uyenera kuwatsegula n'kuwakonza wekha.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kusakaniza. Pa intaneti pali zizindikiro zankhaninkhani zaulere, zina zokongola kwambiri, koma pulani sajambulira kukongola, amajambulira mmisiri amene adzaiwerenge ali pa makwerero, pulayala ili m'thumba. Resistor, kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi, pa muyezo wa mayiko ambiri wa IEC 60617 ndi kabokosi kotalika, pamene a ku America amaijambula ngati mzere wa mano a sowo. Zonse ndi zolondola kwawo, koma zisapezeke pa tsamba limodzi. Sindiiwala tsiku limene mmisiri wina anabwera mu ofesi yathu, fumbi la simenti lili m'tsitsi, atagwira pulani imene tinajambula anthu awiri, aliyense ndi chizindikiro chake cha switch. Anali atakwirira kale mapaipi m'khoma, ndipo anakagumulanso chifukwa cha ife. Manyazi a tsiku limenelo ndimawamvabe.

Choncho khala pansi ndi anzako, mugwirizane muyezo umodzi, mupange stencil imodzi ya ofesi yonse. Uisunge ngati fayilo ya .vssx pamalo amene aliyense angaipeze, osati mu foda ya My Shapes ya kompyuta yako yokha, chifukwa kompyutayo ikadzawonongeka ntchito ya miyezi idzapita nayo limodzi. Chizindikiro chilichonse uchipatse dzina lomveka, ndipo usanachivomereze uyese ngati mizere ikumamatira pa ma connection point ake, malo olumikizirapo mizere, pamene ukuchisuntha. Mukadzasamukira ku draw.io, pulogalamu ina yojambulira imene ndi yaulere, mudzapeza kuti nayonso imalola kusunga library, gulu la zizindikiro, yanuyanu.

Kapulasitiki kanga kaja kadakali m'bokosi la mabuku. Ukabwera pa tchuthi udzabwere ndi laputopu yako, tidzayerekeze zizindikiro zako ndi zanga. Mayi ako akupereka moni.

Ndine,
Bambo ako