Jekeseni amene munandigulitsa wandiphera ng'ombe

Kwa a Manejala,

Ndaimba foni kasanu, ndabwera kushopu kwanu katatu, ndiye ndati ndilembe mwina kalata muiwerenga. Marisiti anga muli nawo mu kompyuta mwanumo, sindibwerezanso za botolo kapena mtengo.

Ndinabwera kudzafuna mavitamini a tinkhunzi tanga 6 timene ndimanenepetsa ku puloti ku Seke, pafupi ndi Harare kuno ku Zimbabwe. Mnyamata wanu wa pakauntala anati ayi mdala, tengani uyu, muzibaya pang'onopang'ono sabata iliyonse, muona zodabwitsa. Ndinamvera poti ndimati pashopu ya mankhwala a ziweto pamakhala anthu odziwa ntchito. Poyamba ubweya unasalaladi, kudya zimadya bwino. Mwezi wachiwiri zinayamba kutsokomola, mamina chuchuchu, kupuma mobanika, ziwiri n'kufa sabata imodzi.

Adokotala a ziweto atabwera anang'amba imodzi ine ndili pompo. Anandionetsa m'munsi mwa khosi kulowera pachifuwa pamene pamakhala kachiwalo kotchedwa thymus, akuti pa ng'ombe yaing'ono ngati imeneyi kamayenera kukhala kodzadza chifukwa m'menemo ndi momwe mumakhwimira asilikali a m'thupi olimbana ndi matenda. Pa yangayo panali timafuta toyera basi, kachiwaloko katafota. Mapapo ali bii ndi chibayo. Atawerenga botolo lanu lija anapukusa mutu, akuti ndi dexamethasone, steroid wothandiza ng'ombe ikatupa kapena ikadwala, wa masiku ochepa chabe, ndipo ukamaibaya kwa nthawi yaitali amapha chitetezo cha m'thupi, kamatenda kalikonse kamangolowa. Anandiuzanso kuti ku Italy oyeza nyama amayang'ana thymus yemweyu pofuna kugwira alimi onenepetsa ng'ombe mozemba ndi mankhwala amenewa. Ndiye inu mumagulitsa ngati mchere? Komanso nyengo ino ya nkhupakupa, matenda ofalitsidwa ndi nkhupakupa otchedwa January disease akumaliza makola a anthu, inu n'kundipatsa chinthu chofooketsa ng'ombe zanga zinayi zotsalazi.

Bambo anga anachoka ku Dedza n'kukalambira m'mapulazi a ng'ombe kuno, nthawi imene nyama ya dziko lino inkapita ku Ulaya isanaimitsidwe mu 2001 chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Ku Ulayako anakana nyama yonenepetsedwa ndi mahomoni kuyambira 1989. Ndinakulira m'khola ine, ng'ombe ndimaidziwa.

Koma chimene chandipweteka kwambiri ndi Lachitatu lija. Ndadzuka m'mamawa ku Dzivarasekwa, kombi mpaka mtauni, ndafika ndi lipoti la adokotala m'manja, ndadikira pabenchi kuyambira 9 mpaka 1 koloko akuti manejala ali pa miting'i. Kenaka mayi wina wa pakauntala, osaliyang'ana n'komwe pepalalo, anandiuza pamaso pa makasitomala onse kuti ng'ombe zimafa tsiku lililonse, inu Mabhurandaya (dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi) mumadziwa za m'munda osati ng'ombe, mwina munazidyetsa mapepala a pulasitiki. Anthu ena anaseka. Ine munthu wa imvi zanga, ndinabadwira ku Harare konkuno, ndakhala ndikugula dipi ndi mankhwala a njoka za m'mimba pashopu panu zaka 7, lero ndizitukwanidwa za mtundu wanga chifukwa ndafunsa za katundu amene munandigulitsa nokha? Ndinatuluka manja akunjenjemera. Ulendo wachitatu mlonda anangondibweza pageti.

Ng'ombe zimenezi zinali fizi ya mwana wanga wamkazi. Nyama yake sindinagulitse ngakhale kilo, ndinakwirira, sindingadyetse ana a eni zinthu zoti sindikudziwa kuti mankhwala atsalamo ochuluka bwanji, poti mnyamata wanuyo sanandiuzenso masiku odikira usanaphe.

Ndikufuna mundilipire ng'ombe ziwirizo ndi ndalama ya adokotala, mayi uja apepese pamaso panga, ndipo musiye kuuza alimi kuti mankhwalawa ndi onenepetsera. Ndikupatsani masiku 14. Mukapanda kuyankha nditenga botolo, risiti ndi lipoti kupita nazo ku bungwe loyang'anira mankhwala la Medicines Control Authority of Zimbabwe, ndipo anzanga onse a pagulu lathu la alimi pa WhatsApp ndawauza kale kuti dipi wa mwezi uno tikagula kwina.

Ndine kasitomala wanu wokhumudwa,
wa ku Dzivarasekwa