Rupiya ya Ajeremani ilipodi, koma imadziwika pa sikelo

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo za mphekesera ya ndalama yachitsulo ya Ajeremani yomwe akuti aliyense woipeza walemera. Nkhaniyi ndi yotchuka ku Tanzania, ndipo imawoloka Songwe n'kufika kuno. Ndalamayo ilipodi, koma zambiri zomwe anthu amakamba za iyo n'zabodza.

Yosowa kwenikweni ndi yagolide ya 15 Rupien, yomwe inasulidwa mu 1916 ku Tabora, mzinda wa ku Tanzania, dzikolo likulamulidwa ndi Ajeremani. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatseka njira ya panyanja, Ajeremani sankathanso kulandira ndalama kuchokera kwawo, choncho anatenga golide wa ku mgodi wa Sekenke n'kusula okha. Zinatuluka zoposa pang'ono 16,000, ndipo mu September chaka chomwecho asilikali a Belgium analanda Tabora. Mbali imodzi ili ndi njovu yotukula chitamba, phiri kumbuyo kwake, m'munsi muli 1916 ndi chilembo T. Mbali inayo kuli chiombankhanga ndi mawu akuti DEUTSCH OSTAFRIKA ndi 15 RUPIEN.

Zomwe zimapezeka m'mabokosi a agogo nthawi zambiri ndi zina. Pali rupiya yasiliva yokhala ndi mutu wa Wilhelm II, mfumu ya Ajeremani, atavala chisoti. Za pakati pa 1890 ndi 1902 zili ndi mkango umodzi ndi mtengo wa kanjedza kumbuyo. Izi zinasulidwa zambirimbiri, ndipo mtengo wake sungagule galimoto. Palinso 20 Heller ya ku Tabora komweko, yamkuwa, yomwe ikapukutidwa imanyezimira n'kupusitsa anthu kuti ndi golide.

Munthu akakuonetsani ndalama, yambani mwawerenga zolembedwapo. Kenako pitani nayo pa sikelo yaing'ono ya osula mphete, yowerenga mpaka 0.01 ya galamu. Sikelo ya kukhitchini siithandiza. Yagolide yeniyeni imalemera pafupifupi magalamu 7.1 ndipo m'mimba mwake ndi mamilimita 22. Apa ndi pomwe zachinyengo zimagwidwira: mkuwa ndi wopepuka kwambiri poyerekeza ndi golide, ndiye yopangidwa ndi mkuwa pa msinkhu womwewo imalemera magalamu anayi kapena kuposa pang'ono. Wachinyengo akafuna kuti kulemera kukwane, ndalamayo imatuluka yonenepa kapena yotakata. N'chifukwa chake muyenera kuyeza zonse ziwiri, kulemera ndi kukula. Rupiya yasiliva imalemera magalamu 11.66.

Maginito asakunamizeni. Ndalama ikamata ndiye kuti ndi chitsulo wamba, koma ikapanda kumata sizitanthauza kanthu, poti mkuwa nawonso sumata. Yang'ananinso m'mphepete ndi galasi lokulitsa. Mzere wozungulira ngati msoko, timaenje tonga ta thovu ndi zilembo zofufuma zimasonyeza kuti chitsulocho anachita kusungunula n'kuthira m'chikombole. Yeniyeni inadindidwa ndi makina, ngakhale kuti za ku Tabora sizosalala ngati za ku Berlin.

Chomwe chimatiwawa kwambiri n'kuona ndalama yabwinobwino itakwechedwa ndi phulusa, mchenga, mandimu kapena Brasso. Ogula odziwa amafuna khungu lake lakale, ndipo yokwechedwa imatsika mtengo mpaka kalekale. Musaipale ndi tupa pofuna kuona zam'kati, musaidonthezere asidi. Igwireni m'mphepete, isungeni m'kapepala kouma.

Zoti rupiya yeniyeni imakoka mpunga kapena lezala, kapena kuti ili ndi mankhwala m'kati, n'zopeka. Golide ndi siliva sizichita zimenezo. Amene amafalitsa nkhanizi ndi omwewo amakuuzani kuti pali bwana wogula, koma muyambe mwapereka ya mayeso kapena ya thiransipoti. Wogula weniweni sapempha ndalama kwa wogulitsa.

Tikupemphanso mafumu athu kuti asalole anthu kukumba m'mabwinja ndi m'manda pofuna rupiya. Ku Karonga kuli manda a asilikali omwe anafa pa nkhondo ya mu September 1914, zaka ziwiri ndalama yagolideyi isanasulidwe n'komwe. Malo otere amatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo kukumba kapena kutulutsa zinthu zakale m'dziko muno kumafuna chilolezo cha boma. Amene ali ndi ndalama yakale aijambule mbali zonse ziwiri, alembe kulemera ndi kukula kwake, akafunse ku nyumba yosungira zakale ya ku Karonga kapena ya ku Chichiri mu Blantyre asanakumane ndi wogula aliyense.

Ndife,
Osonkhanitsa ndalama zakale,
Mzuzu