Kodi golide wa ku Makanjira aziyesa ndi ogula okha?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule nawo pa tsamba lanu. Mwana wa mlongo wanga anali msodzi pa nyanja ya Malombe. Nsomba zitayamba kusowa, anapachika maukonde n'kupita ku Makanjira kukakumba golide. Mwezi watha anatulukira kwathu kuno ku Mpondasi, nkhope ili ngwee, n'kumasula kansanza komwe anamangamo kamwala kachikasu konyezimira. "Malume, umphawi watha," anatero.

Ndinabenthulako pang'ono, n'kumenya ndi hamala pakhonde. Kanangoti nyenyenye. Golide sachita zimenezo; ndi wofewa, ukamumenya amaphwatalala. Ndinakhukhutiza kotsalako kunsi kwa kapu yadothi, kanasiya mzere wakuda, pomwe golide amasiya wachikasu. Kanali ka pyrite, mwala wa chitsulo ndi salufa. Mnyamatayu anataya milungu itatu m'dzenje akulondola mwala umenewu, ndipo palibe anamuchenjeza, poti anzakenso sankadziwa.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi zimene anandifotokozera titadya nsima. Golide weniweni anamupezapo kale, wa fumbi uja wotsalira pansi pa beseni akatsuka mchenga. Amatsalira chifukwa ndi wolemera kuposa madzi pafupifupi ka 19. Anamusunga m'kabotolo ka mankhwala. Wogula wina anabwera ndi sikelo yake, anayesa yekha, anati "wakoyu ndi wakuda, ali ndi zitsotso," n'kutchula mtengo yekhanso. Ungatsutse bwanji munthu amene wagwira sikelo, ndalama zili m'thumba mwake, iwe njala ili m'mimba?

Ndikudziwa kuti kuyambira 2021 Banki Yaikulu ya Reserve inayamba kugula golide kudzera ku bungwe lake la Export Development Fund. Ndi ganizo labwino. Koma amene wayendapo mumsewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja akudziwa chifukwa chake wokumba amagulitsa kwa yemwe wafika pa dzenje.

Ambiri tikukumbukira kandege ka Kauniuni komwe kankauluka m'munsi mu 2013, kakufufuza za pansi pa nthaka. Mapu a zotsatira zake anatuluka mu 2015. Ndi anthu angati a kwa Makanjira anaonapo mapu amenewo? Mchenga wakuda wa m'mbali mwa nyanja kumeneko, womwe amayi amakwechera mapoto, uli ndi ilmenite, mwala womwe amatengamo titanium. Chodabwitsa n'chakuti mchenga wakudawu ndi umene umayeretsa penti woyera. Ine ndinadziwa zimenezi ndili kale ndi imvi, chonsecho ndinaphunzitsa sayansi kupulayimale zaka zambiri. Kanyumba kanga ndinapaka penti wogula kusitolo, osadziwa kuti mbuyake ndinkamuponda ndili mwana.

Pempho langa ndi laling'ono. A nthambi ya boma yofufuza za miyala ya Geological Survey ku Zomba azibwera pa tsiku la msika ndi sikelo yaboma, munthu aziyesetsa golide wake asanakumane ndi wogula. Azipitanso pa wailesi za m'madera ngati Dzimwe n'kufotokoza m'Chiyao ndi m'Chichewa mmene tingasiyanitsire miyala. Kuyesa kwa hamala ndi kapu kuja sikulira ndalama.

Mnyamata uja anabwerera ku Makanjira Lachiwiri, ndinamulipirira ndekha thiransipoti. Kamwala kotsala kaja kali pawindo; adzukulu anga akukanabe kuti si golide.

Mphunzitsi wopuma,
Mpondasi, Mangochi